Foni ya a Nelia Inagwera Alamu

Abale anga a ku Nambuma, imvani ndikuuzeni za akazi anga a Nelia, amene tinawaika m'manda fodya ali m'zigafa.

Mdzukulu wathu Anesi ndi wanzeru, koma zilembo zimamusokonekera. Akatsegula buku amati mizere ikuyenda. Aphunzitsi anatiuza kuti mwanayu amagwira ndi khutu, pangofunika womuwerengera. Ine sukulu ndinangoilawa. A Nelia ndiwo ankawerenga Baibulo ku Chigwirizano cha amayi.

Ndiye masana ankakhala m'chigafa, foni pamwendo, kujambula mawu awo akuwerenga mabuku a Anesi, ine Yonasi ndikusoka fodya pambali. Anesi ankamvera popita kumjigo. Mpaka anayamba kukweza mkono m'kalasi.

Titameta maliro, akuchikazi anagawana katundu wa malemu monga mwa mwambo. Ine mkamwini ndinalibe mawu. Foni inagwera alamu anga a Yakobo. Anesi sanadandaule, anangotenga mabuku ake n'kuika pansi pa mphasa. Mayeso anali pafupi.

Ndinapalasa njinga mpaka kwa alamuwo, kutsidya kwa dambo.

"Alamu, mwabwera kudzalanda za mlongo wanga, eti?" anatero a Yakobo.

"Iyayi. Ndati mumvereko kaye zili m'fonimo, musanafufute."

Anadina. Mlongo wawo anayamba kuwerenga za mmene mvula imapangikira, pang'onopang'ono, mawu ovuta akubwereza. Kenaka pakati pomwepo: "A Yonasi, mbuzi zikulowa m'chigafa, inu mwangoti maso pa ine. Kodi ndine kanema?" Basi n'kupitiriza kuwerenga ngati palibe chachitika.

A Yakobo anaseka, kenaka anatembenukira kukhoma. Ndinangowaleka choncho.

"Nanenso ankandikalipira chomwechi tili ana," anatero pambuyo pake. Anapukuta foniyo pamalaya n'kundipatsa ndi manja awiri. "Kapatseni mwanayo. Koma Lamulungu ndizibwera kudzamvako."

Amabweradi. Anesi anatulutsa mabuku aja pansi pa mphasa. Amatsata ndi chala, agogo ake akumuwerengera, ndipo akafika pa mbuzi paja sadumphapo. Ana ena awiri ovutika ngati iye amabweranso kudzakhala naye pakhonde.

Ine maso akutha, ndalemba zomwe ndakwanitsa. Mukadutsa pakhomo panga n'kumva mayi akuwerenga, musafulumire. Imani pang'ono, muwauze ana anu kuti amenewo ndi a Nelia. Ndikadzapita ine, dzinali lisadzathere pakamwa panga.