Ndowa Zosadziwa Sopo

Dzuwa lisanafike padenga, Mayi Thovu anali atachapa matewera, atasesa pakhomo, atadyetsa mwana, atapakira bambo a mwana chakudya cha kuntchito, n'kukolopanso khonde chifukwa nkhuku ya aneba inadutsapo. Dzina la Thovulo anamupatsa ndi alamu ake, ati chilichonse chomuyandikira chimathera m'sopo. Iye analibe nazo kanthu. Sukulu anaisiyira panjira, koma za ukhondo panalibe womuphunzitsa.

Tsikuli mtima wake unali dyokodyoko. Linali tsiku losamutsa mbululu.

Kumunsi kwa tauni kunali dambo loswaniramo tiachule ta msana wachikasu, tomwe kwina konse tinatha. Koma kutentha kwa zaka zino kunkaumitsa dambolo mbululu zisanamere miyendo. Choncho bungwe lomwe Mayi Thovu ankagwirako ganyu yosamalira ziwiya linapeza kadziwe kozizira pamwamba pa phiri, koti anawo akakulireko. Adokotala a zinyama, mayi wamfupi wosavula majombo, anali atalonjeza kuti ulendowu ukayenda bwino amulemba ntchito yokhazikika, yobwera ndi mwana kumsana.

N'chifukwa chake dzulo lake, anzake ataweruka, iye anatsalira n'kukwecha ndowa zonse zonyamulira mbululu. Mmawa anazindanda pakhonde la ofesi zili waliwali, n'kuima pambali kudikira kuyamikiridwa.

Adokotala ananyamula imodzi, kuinunkhiza, nkhope n'kugwa.

"Mwatsukira chiyani, amayi?"

"Sopo waufa, adokotala. Munali ndere yokhayokha. Ngakhale galu sakanamweramo."

"Mayo ine! Ana a chule khungu lawo silipirira sopo. Tikaika muno, tisanafike n'komwe pamlatho zonse zikhala zitayandama chagada."

"Nditsukuluza pompano!"

"Sizingatheke lero, zifunika kuviika masiku angapo. Ndipo dambo latsala ngati mbale. Dzuwa likafika paliwombo madziwo asanduka tiyi."

Ntchito ija Mayi Thovu anali ataikwecha yekha ndi manja ake.

"Tikagule zatsopano," anatero adalaivala a bungwelo.

"Zatsopano nazo zimafuna kuviika," adokotala anayankha. "Tikufuna ndowa zomwe zakhala ndi madzi a mvula okhaokha, zosadziwa sopo."

Adalaivala anaseka. "M'tauni muno? Nyumba yake iti?"

Apo Mayi Thovu anadzimenya pantchafu mpaka mwana kumsana anadzidzimuka. "Ndikuidziwa! Lizani galimoto!"

Alamu akewo, mng'ono wa mwamuna wake, anali mlonda wa pasitolo ya matabwa, osakwatira, ogona masana. Kuseri kwa kachipinda kawo kunali ndowa zotchera madzi a padenga, zobiriwira ngati munda. Mayi Thovu anali atawaopseza kambirimbiri kuti tsiku lina adzazikwecha, mpaka eni akewo anazimanga ndi unyolo.

Anagogoda chitseko ngati wapolisi. "Alamu! Dzukani, ulesi wanu wapeza ntchito!"

Chitseko chinatseguka pang'ono, diso limodzi n'kusuzumira. "Mlamu, ngati mwabwera ndi sopo, bwererani."

"Nenani zoona pamaso pa adokotala awa. Ndowa zanu munazitsukapo?"

"Ine? Mvula imatsuka yokha. Ndilowerere bwanji ntchito ya Mulungu?"

Adokotala anali atagwada kale pandowapo, kununkhiza, kuviikamo kapepala koyezera madzi. "Mafuta kapena mankhwala sanalowemo, abambo?"

"Ndimangotungamo osukusulira kumaso. Ndikakumbukira."

"Zili bwino kwambiri! Ndere iyi ikhalanso kamba wa paulendo."

Alamu aja anatuluka chifuwa chili patsogolo, kiyi wa unyolo ali m'mwamba. "Ndisanatsegule, mlamu anene mokweza kuti ndowa zanga n'zabwino."

"Ndowa zanu n'zabwino," anatero Mayi Thovu, mano ali gwa. "Kwa achule."

Kudambo anapeza madzi atatsala pakati pokha, mbululu zitaunjikana bii, zikuphiriphitha. Onse analowa m'matope ndi timaukonde, ngakhale alamu omwe anakana kutsala ati katundu ndi wawo. Mayi Thovu ankawola n'kuthira, kuwola n'kuthira, thukuta lili kamukamu, mwana kumsana akuseka poyesa ndi masewera. Nsapato imodzi inamira, iye osaicheukira.

Atakweza ndowa m'galimoto, dzuwa linali litayamba kuluma. Iye anasolola thaulo la mwana kuti alinyowetse avundikire, koma dzanja linaima m'malere. Analinunkhiza. Sopo! Analiponya kutali ngati njoka, n'kuthamanga kukazula udzu wa m'mbali mwa dambo, kuyala pamwamba pa ndowa zonse.

Msewu wa kuphiri unali wa mabampu. Iye anakhala kumbuyo, ndowa yaikulu ataipana ndi mawondo, akumenya galasi. "Adalaivala, pang'onopang'ono! Muno muli ana a eni!"

"Nanga wanuyo?"

"Wanga anazolowera!"

Pamwamba anapeza mphepo ina, yozizirira bwino, ndi kadziwe kali phee pansi pa mitengo. Adokotala anati ndowa ziyambe zakhala m'madzimo kuti kuzizira kufanane. Kudikira kumeneko Mayi Thovu anakumva ngati mzere wa kusikelo ya ana. Kenaka adokotala anamuuza kuti apendeketse yoyamba yekha.

Mbululu zinatsetserekera m'dziwe n'kukhala pansi, duu. Kenaka kamodzi kanagwedeza mchira, kena n'kutsatira, basi zonse balala, kulowa m'mizu ndi m'masamba ngati kwawo.

"Zamoyo! Alamu, taonani, zamoyo!" Anavina pomwepo ndi nsapato imodzi, matope mpaka m'mawondo.

"Zaleredwa m'ndowa zabwino," anatero alamu.

Adokotala anapukuta magalasi akumwetulira. "Lolemba mubwere, amayi, ndi mwana yemwe. Mukolope ofesi yonse mmene mungafunire. Koma ndowa, chonde."

Madzulo, bambo a mwana atafunsa kuti ntchitoyo yadya chiyani, iye anawawerengera bwinobwino. Nsapato imodzi inatsala kudambo. Thaulo la mwana anaiwala kulitola. Paketi yathunthu ya sopo inapita pachabe. Matewera aswera pachingwe, amwa fumbi, afunika kuchapanso. Ndowa za alamu bungwe lazisunga, ndiye iye wawapatsa zake ziwiri zoyera zija, ndipo akudziwa mtundu womwe zisanduke mwezi usanathe.

"Basi?" anafunsa bambo a mwana.

"Chodula sindinanene. Mng'ono wanuyo sindingamunenenso za ukhondo mpaka kalekale."