Nsenjere za pa Mphambano

Hopeson anali atagwada kutsogolo kwa galimoto, akulimbana ndi waya umene bambo ake anamangira chikwangwani cha L. Wayawo unali wadzimbiri, ndipo unamucheka chala asanaumasule.

"Wogula sakufuna zimenezi," anatero akuponya chikwangwanicho pampando wakumbuyo. "Akuti aziyendetsa takisi."

Panali patadutsa masiku asanu chiikire maliro a bambo akewo, a Fabiano, amene anayendetsa thirakitala pa esiteti ya tiyi mpaka imvi, kenaka atapuma ntchito n'kuyamba kuphunzitsa anthu kuyendetsa ndi kagalimoto kakale aka. Mkazi wawo, mayi Anesi, anali pakhonde ndi duku wakuda.

"Ikhale kaye, mwanawe. Mpando wa bambo ako sunazizire n'komwe."

"Ikhalire ndani, amayi? Ine sinditha kuyendetsa. Iwolere pano?"

"Ine ndilipo, achimwene," anatero Sellah, mlongo wake wamng'ono. "Layisensi ndili nayo. Ophunzira a bambo atatu sanamalize."

Hopeson anaseka, kuseka kopanda chimwemwe. "Iwe? Amene pamphambano pokha panakukanika? Tenga makiyi, munthu akudikira ku Luchenza."

Zinali zoona. Kilachi, magiya, kubwerera m'mbuyo, zonse Sellah anazigwira msanga m'manja mwa bambo ake. Koma pamene msewu wafumbi wa m'minda ya tiyi umakumana ndi wa tara, pokhotera kumanja kupita ku Luchenza, a Fabiano sankafuna masewera. Kumanzere umangolowa, ankatero, koma kumanja ukudutsa njira za anthu awiri. Ima. Giya wani. Tsitsa galasi umvetsere. Kumanja, kumanzere, kumanjanso. Indiketa ya mnzako usaikhulupirire, ndipo kona usadule. Tsiku lina chaka chatha anamuimitsa pamenepo mpaka minibasi ya kumbuyo inatopa n'kuliza huta. Sellah anatuluka, n'kumenyetsa chitseko.

"Inu mumaphunzitsa anthu mantha, osati galimoto!"

Layisensi anakaitengera ku sukulu ina ku Limbe. A Fabiano anaitembenuza kawiri, namwetulira, nati, "Tiye ukandiyendetse, tione." Iye anati watanganidwa. Anamupemphanso kangapo, kenaka anasiya. Ha, chikanamuvuta n'chiyani? Funso limeneli linkamudya chiyambire malirowo.

Ananyamuka, Sellah akuyendetsa. Mvula inali itagwa m'mawa, ndipo azimayi othyola tiyi, madengu kumsana, anaweramuka kuyang'ana galimoto ya a Fabiano ikudutsa popanda mwini wake. Ena anakweza dzanja mwachizolowezi, n'kulitsitsa msanga.

Pamphambano Sellah anaima. Kumanja sanaone chilichonse. Nsenjere zinali zitakula kupitirira denga la galimoto, kuphimba kona yonse. Chibadwire malowa anali asanawaonepo chonchi.

"Tiye, palibe kanthu," anatero Hopeson.

"Sindikuona."

"Msewu uli zii. Nthawi, Sellah, nthawi!"

Phazi lake linayamba kumasula kilachi, galimoto n'kusuntha pang'ono. Koma dzanja lokha linapita pachitseko n'kuyamba kupukusa galasi. Ndi pamene anamva kulira kwa injini yotsika mtunda. Anaponda buleki. Lole yodzaza matumba a tiyi inatulukira kuseri kwa nsenjere n'kudutsa fyuu, mphepo yake kugwedeza kagalimotoko.

"Mayo ine!" Hopeson anagwira dashibodi ndi manja onse awiri.

Bambo wina wachikulire wa kabaza, amene anali kuusa pansi pa bulugamu, anabwera akukankha njinga yake. Anali a Fackson, omwe ananyamula nawo bokosi pa maliro.

"Pepani, ana anga. Pano paipa. Dzana mnzathu anapulumukira m'ngalande ndi pasinjala wake. Chigonere bambo anu ndi matenda miyezi yapitayi, palibe watchetcha."

"Si a esiteti amatchetcha pano?" anafunsa Hopeson.

"A esiteti ati? Esiteti imalekezera pa tiyi. Kuno n'kwa aliyense, ndiye kuti n'kopanda mwini. Bambo anu ndi amene ankabwera Loweruka lililonse m'mamawa, dzinja lonse, zaka zonsezi. Ife tinkawaseka kuti akufuna ukhansala. Iwo ankati, munthu sungamuuze kuti ayang'ane pamene palibe poonera."

Awiriwo anayang'anana. Loweruka lililonse bambo awo ankabwera kunyumba thalauzi litanyowa mpaka m'maondo, ndipo amayi ankawakalipira kuti amakazungulira kuti. Palibe mwana amene anafunsapo.

"Tsegulani kumbuyoko," anatero a Fackson. "Chikwakwa chawo chimakhala pansi pa tayala losinthira."

Chinalipodi, chokulungidwa m'thumba la feteleza, mpini wake wosalala chifukwa cha manja. Hopeson anachigwira nthawi yaitali. Iyenso anaphunzirapo kuyendetsa sabata imodzi ali mnyamata, n'kusiya ati mdala amalongolola, ndipo atasamukira ku Blantyre ankabwera pa Khirisimasi pokha.

"Ndinkawaona ngati munthu wochedwetsa anthu," anatero. "Ndinalakwa, Sellah."

Anapinda thalauzi n'kulowa m'nsenjere ndi nsapato zake za pa maliro. Kutchetcha kwake kunali kwa munthu wa mu ofesi, a Fackson mpaka anapukusa mutu n'kumuonetsa kagwiridwe. Foni inalira m'thumba mwake kawiri, iye osaiyankha. Pang'onopang'ono tara inayamba kuoneka, kenaka kona, kenaka mtunda wonse.

Hopeson atabwerera, matuza ali m'manja, Sellah analowetsa giya wani. Anamvetsera. Kumanja, kumanzere, kumanjanso. Anadikira wanjinga wosenza nthochi adutse, n'kulowa bwinobwino osadula kona, misozi ikutsika osaipukuta.

"Taima apa," anatero Hopeson atayenda pang'ono.

Anatuluka ndi chikwangwani chija, nagwada kutsogolo, namanganso ndi waya wadzimbiri womwe uja. Kenaka anasuzumira pagalasi.

"Ophunzira ako akhala anayi. Loweruka, tikamaliza kutchetcha."

Anakulunga chikwakwa m'thumba lake, nachibwezera pansi pa tayala, pamene a Fabiano ankachisiya.