Timapepala Toyera ta Mayi Cândida

Hortênsia anayala maenvulopu ake pamphasa, pakhonde la amayi ake ku Moatize, nayamba kuwatsegula. Ankaphunzitsa pa univesidade ku Beira, ndipo zaka zinayi anali pakalikiliki kufufuza fumbi la malasha limene anthu oyandikana ndi mgodi ankapuma. Chilimwe chimenecho anamangirira timakina tokoka mpweya pa nyumba zisanu. Loweruka lililonse mwini nyumba ankachotsamo kapepala kogwira fumbi, kukasunga mu envulopu, n'kuikamo katsopano. Lachisanu akuluakulu a boma ankadikira umboni umenewu kuti aone ngati anthu a m'bairo imeneyi, dera la pafupi ndi mgodilo, asamutsidwe.

Timapepala ta nyumba zinayi zakutali tinali totuwa chabe. Mtima wake wonse unali pa nyumba ya amayi ake, Mayi Cândida, yoyang'anizana ndi chimulu cha malasha, pamene ngakhale nkhuku yoyera inkasanduka yakuda. Koma atatsegula, timapepala tonse tinali mbee!

"Amayi, kamakina kaja kanafa kodi?"

"Kafe bwanji? Kamalira tsiku lonse ngati njuchi," anayankha mayiwo, natsokomola mpaka kugwira mzati.

"Nanga takudato tili kuti?"

"Ndinatentha."

"Munatani?"

"Iwe, zinyalala zimenezija upite nazo kwa akuluakulu ako ku Beira? Aziti mayi wa dotora wa pa univesidade ndi wauve, sasesa pakhomo? Ndimakuikira toyera tija unandisiyira. Ine ngakhale kumsasa ku Malawi, nthawi ya nkhondo, palibe anandisekapo za uve."

Hortênsia anafuna kukalipa, koma akalipire ndani? Mayi ameneyu ndi amene ankamuchapira yunifolomu imodzi yomweyo tsiku ndi tsiku kuti kusukulu asamuseke.

"Amayi, kudako ndi kumene ndimafuna. Fumbi si lanu, ndi la mgodi. Ndi lomwelo lili m'chifuwa mwanumo."

Mayi Cândida anakhala pansi pang'onopang'ono, nayang'ana manja awo.

"Ndiye ndakuonongera ntchito, mwanangu."

"Palibe kanthu, tidzayambiranso."

"Mawa?"

Hortênsia anayang'ana kumwamba. Mitambo yakuda inali itayamba kale kusonkhana chakumapiri a ku Zóbuè. Mvula ikagwa fumbi limagona, ndiye kuyeza kwina kunali kudikira chilimwe cha chaka chamawa. Anawafotokozera zimenezo.

Mayiwo anapukuta pakamwa ndi nsonga ya nsalu yawo ya kapulana, naipinda msanga kuti mwana asaone zimene anatsokomola.

"Chaka chamawa udzamangirire kwa Marta, pafupi apa. Iye uja sachita manyazi ndi chilichonse," anatero akuyesa kuseka. "Ine adotolo anandiuza mwezi watha kuti mapapowa atha. Ndatumiza mawu kwa amalume ako a Isaías kuti andikonzere malo ku Zóbuè. Ndikufuna ndikapumeko mphepo yakwathu masiku atsalawa."

"Bwanji simunandiuze?"

"Unali wotanganidwa ndi mpweya wa anthu."

Lachisanu Hortênsia anapita kumsonkhano ndi timapepala totuwa ta nyumba zinayi. Akuluakulu anamuthokoza mwaulemu, nati umboniwo ndi wochepa, abwerenso akapeza wokwanira.

M'mawa mwake anamasula kamakina kaja, nakhoma chitseko cha nyumba. Mu shapa, minibasi yopita ku Zóbuè, anawakhazika amayi ake pawindo. Anthu a m'bairo anaimirira m'mbali mwa msewu kuwatsanzika, ambiri a iwo akutsokomola.