Loko wa a Fidelis

Nkhuku yachisanu itagwa chagada, Fridah anaimba foni ku Lusaka. Linali dzuwa la Okutobala, lija lowotcha ndi pamthunzi pomwe, ndipo mafani onse a m'khola anali ataima kuyambira pamene magetsi anaphethira cha m'ma leveni. Nkhuku mazana asanu ndi atatu zimene anazilera kuyambira zili anapiye zinali kukamwa yasa, mapiko ali pansi. Anali atatsekula zitseko zonse ziwiri, atawaza madzi mpaka mikono kuwawa, koma khola lopanda mawindo silimva zimenezo.

Kholalo linali la alamu ake, a Fidelis, akulu awo a malemu mwamuna wake, ogwira ntchito m'boma. Anagula puloti ku Kasisi n'kumanga khola lamakono loti mafani ake amayendetsedwa ndi kabokosi ka pakhoma, ndipo kabokosiko kankalankhula ndi foni yawo. Ulimi wawo wonse unali womwewo, kusisita foni ndi chala mu ofesi yozizira.

Tsiku loika kabokosiko, Calvin wa zamagetsi anauza Fridah kuti makina otere nthawi zina amakomoka magetsi akaphethira. Mankhwala ake n'kuthimitsa swichi ya m'kati, kuwerenga mpaka teni, n'kuyatsanso. Koma a Fidelis anati manja a kumudzi amawononga zinthu zodula. Anakhomapo loko, kiyi n'kupita naye ku Lusaka.

"Ba mulamu, mafani yaima. Nkhuku zayamba kufa," anatero Fridah atayankha.

"Ba Fridah, nili mu miting'i. Pa foni apa niona twente-foo, zonse zili chabe bwino."

Fridah anasuzumira pa kagalasi ka bokosi. Zoonadi, muyeso wa kutentha unali 24, nambala yomweyo ya m'mawa kusanatenthe. Kabokosi kanauma nayo pakamwa, ndipo bodza lake linali litafika kale ku Lusaka. Anawafotokozera zimenezo thukuta likumulowa m'maso. Iwo anapumira m'mwamba ngati akulankhula ndi mwana, nati kabokosiko akadzutsa okha ndi foni, iye angodikira.

Anadikira. Panapita mphindi khumi, zinanso khumi, mafani ali zii. Mtima unamuwira. Munthu wokomoka samutumira uthenga woti adzuke, amachita kumugwedeza, ndipo zimenezi sizifuna digiri. Anaimbanso kawiri, osayankhidwa. M'malo mwake munalowa uthenga: "Osagwira bokosi. Mukagwira, nchito yasila."

Ntchito kutha kunali kuthanso kwa nyumba, chifukwa kanyumba kamene ankagonamo ndi ana ake awiri kanali pa puloti pomwepo. Anaima ndi foni m'manja. Ankawadziwa alamu akewo. Nkhuku zikanatha, akanaimika chibale chonse n'kunena kuti mkazi wa mng'ono wawo ndi waulesi. Kugwira bokosi mlandu, kulisiya mlandu. Kumapazi kwake nkhuku ina inaphupha, n'kuleka.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anatenga nkhwangwa ya nkhuni.

Loko anali wolimba, anagonja pa nkhonya yachinayi. Fridah anathimitsa swichi, kagalasi kanada. Anawerenga mpaka teni mokweza, mawu akutuluka ngati akutukwana munthu, ndipo anayatsa. Kagalasi kanaphethira, kanalemba 39. Fani yoyamba inakhosomola, yachiwiri inatsatira, kenako khola lonse linadzaza mphepo.

Foni inalira nthawi yomweyo.

"Mwaona manje?" anatero a Fidelis, mawu ali odzaza, akuyesa kuti ndiwo ayatsa mafani. "Nayasha nili kuno kwamene. Ndiye chifukwa nikamba ati osagwira vintu vamene simuziba."

 Fridah anadula foni.

Analowa m'khola n'kuyamba kutola zakufa, ziwiriziwiri, zolemera, zotsala sabata imodzi kuti zipite ku msika wa ku Chongwe. Anazindandalika pansi pa mtengo wa mango, mizere inayi, makumi anayi ndi zitatu. Pa chifuwa cha yoyambirira anaikapo loko wophwanyika uja. Anajambula, natumiza, n'kulemba pansi pake: "Loko yanu iyi, ba mulamu. Kiyi musunge."

Foni inayamba kulira chithunzi chitangofika. Inalira, inadukiza, inaliranso. Fridah anaisiya pamwamba pa mgolo, natenga ndowa kukamwetsa zamoyo.