Jombo Zimene Zinakula Usiku

M'zigono zonse za amwendamnjira lamulo ndi limodzi: jombo sizilowa kuchipinda. Umavulira pakhomo n'kuziika pa shelefu pamodzi ndi za anzako, zikanunkhire komweko. Mai Casilda lamuloli ankadana nalo, komabe kuchokera ku Logroño, sabata yathunthu, ankalimvera.

M'mawa umenewo ku Hornillos anadzuka anthu ambiri atanyamuka kale ndi matochi awo, poti opita ku Santiago, kumene kuli manda a Yakobo Woyera, amakonda kutuluka kusanache ngati kuti woyerayo asamuka akachedwa. Pa shelefu panatsala jombo za alamu awo, mai Amparo, ndi zina zofiirira, zafumbi ngati zina zonse. Mai Casilda anazinyamula, kuzitembenuza, n'kuima kakasi.

"Alamu, izi si za a Saturio."

A Saturio anali amuna a mai Casilda, achimwene awo a mai Amparo. Mdzukulu wawo atachira chibayo, bamboyo anawinda mudzi wonse ukumva kuti adzayenda wapansi mpaka ku manda a Yakobo Woyera. Jombo anaguladi, koma zonyamuka zinakanika. Chaka chino ndi zokolola, chaka chinacho ndi nkhosa, ndipo tsiku ndi tsiku ankavala jombozo popita kumunda, ati akuzifewetsa. Anazifewetsa zaka zisanu ndi chimodzi, mpaka m'nyengo yozizira yapitayi anagona osadzukanso. Tsiku la maliro mai Casilda anagwira bokosi n'kunena kuti, "Ulesi wanu ndinauzolowera. Gonani, jombo zanuzo ndikazifikitsa ndine." Ndiye anazivaladi, ngakhale zinkawakhwepa, masokosi atatuatatu phazi lililonse, matuza ali mbwee. Ndi jombo zimenezo zinasowa m'mawawo.

"Valani zomwezo tizipita," anatero mai Amparo. "Wazitengayo alowera kuti? Tonse tikulondola mivi yachikasu yolozera njira yomweyi. Tikamupeza kutsogoloku."

Mai Casilda anaponda m'jombo zachilendozo nkhope ili ndwii. Zinawakwana ngati anachita kuwayeza phazi, ndipo zimenezo ndi zomwe zinawapsetsa mtima koposa.

Anakwera chitunda n'kulowa m'minda ya tirigu, wobiriwira mbali zonse mpaka polekezera maso, mphepo ikumuweyula. Mai Casilda anali patsogolo, ndodo ili gogogo, mai Amparo akubwera wefuwefu m'mbuyo.

"Iii, alamu! Sabata yonse mwakhala mukutsimphina, lero miyendo mwaibwereka kuti?"

"Ndi mkwiyo."

"Mkwiyo wake uti? Nsapato zakukwanani, ingovomerani."

Sanavomere. Koma mumtima ankadziwa kuti ndi zoona, ndipo manyazi anawagwira: mapazi awo ali pa chikondwerero, lonjezo lawo lili kumapazi a munthu wosamudziwa. Nanga munthuyo akatopa n'kukwera basi? Nanga akazitaya n'kugula zina? Akawauza chiyani a Saturio kumanda kuja?

Ku Hontanas analowa m'kanyumba ka khofi. Mayi wogulitsa anawapatsa khofi wamkaka, n'kudinda chidindo pa timabuku tawo ta ulendo, uku akuseka yekha.

"Mwachedwa, chozizwitsa chakudutsani," anatero. "Wabwera pano bambo wina wa ku Murcia, dzina lake Fulgencio, wamfupi, wadazi, pakamwa posatseka. Ati kuchokera ku Pamplona jombo zakhala zikumuluma mpaka zikhadabo ziwiri zinazuka. Dzulo anadandaulira Yakobo Woyera, lero m'mawa wapeza jombo zakula zokha. Wagulira aliyense vinyo, kadzutsa asanadye n'komwe!"

Mai Amparo anaseka mpaka khofi kutulukira m'mphuno. Mai Casilda anaika kapu pansi.

"Chozizwitsa chimenecho ndi cha amuna anga. Tiyeni."

Anakamupeza pa bwinja la San Antón, pamene msewu umadutsa pansi pa chipata cha nyumba yakale ya amonke. Sanachite kufunsa kuti ndi uti. Anali atasanjika phazi pamwala, atazingidwa ndi amayi atatu a ku Korea omwe ankajambula jombozo ndi mafoni, iye akulalikira ndi manja onse awiri.

"Bambo, vulani," anatero mai Casilda.

"Mayi, nanunso mwamva? Bwerani, gwirani apa. Mwaona? Chala chonse chikulowa! Dzulo lomweli ngakhale singano sikanalowa. Ine sindine munthu wa kutchalitchi kwenikweni, akazi anga angakuuzeni, koma izi..."

"Tayang'anani chingwe cha kumanjako."

A Fulgencio anayang'ana.

"Ndi chomangira udzu wa nkhosa chimenecho. Woyera wanuyo amaweta nkhosa?"

Bamboyo anayang'ana chingwe, n'kuyang'ana kumapazi kwa mai Casilda, kumene jombo zawo zenizeni zinali zitaima phee. Anafiira kuyambira m'khosi mpaka padazi.

"Mayo ine," anatero chapansipansi. "Ndiye vinyo uja ndamwetsa anthu pachabe?"

"Anamwa ndi chikhulupiriro, sanataye kanthu," anatero mai Amparo, akupukuta misozi ya kuseka.

A Fulgencio anakhala pamwala paja n'kuyamba kumasula zingwe, akupepesa mawu khumi pomwe pafunika awiri. Mai Casilda anawauza mwachidule za eni jombozo, ndipo bamboyo anavula chipewa. Kenako anavula jombo, ndi masokosi omwe, kuti akonze nsalu zomangira zilonda. Zala zinali zotupa, zina zakuda bii, chidendene chili chofiira ngati nyama ya pabutchala. Atalandira jombo zawo anayesa kulowetsa phazi, mano ali gwa, thukuta lili kamukamu.

"Palibe kanthu," anatero akudzisekerera. "Ndikafika ku Castrojeriz ndiona za basi. Santiago sathawa. Chaka chamawa kulinso tsiku."

Mai Casilda anali atakumbatira jombo za amuna awo pachifuwa. Mawu akuti chaka chamawa anawamva zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo ankadziwa kumene amathera. Anayang'ana mapazi aja, n'kuyang'ananso mpukutu wa masokosi awo atatuatatu womwe unali kusuzumira m'chikwama. A Saturio ulesi anali nawo, zoona, koma umbombo analibe. Akanaona mapazi otere akanavula okha, n'kupita kwawo chosavala.

"Leka kudzizunza, iwe bambo," anatero, ulemu utawathawa. "Bweretsa kuno zakozo. Vala izi."

"Mayi, sindingathe..."

"Sindikukupatsa, ndikukubwereka. Ndipo imva bwino. Uziyenda patsogolo panga pomwe ndikukuona, lero, mawa, mpaka pakhomo pa Yakobo Woyera. Pogona tizigona chigono chimodzi, jombozo ndizimanga pamodzi ndi zanga. Basi usaiyang'ane n'komwe."

"Ndipo nkhani zako uzichepetsako," anawonjezera mai Amparo.

"Zimenezo ndiye zifunika chozizwitsa china," anayankha a Fulgencio, akumanga kale chingwe cha udzu chija.

Ananyamuka atatu, bamboyo patsogolo. Asanayende n'komwe mtunda wautali anali atawauza kale za minda yawo ya mandimu, za mpongozi wawo wosadziwa kuphika mpunga, ndi za dokotala yemwe anawaletsa nyama ya nkhumba koma iye mwini akudya. Ankayenda m'mphepete mwa msewu, m'fumbi, phiri la Castrojeriz ndi linga lake logumuka zikuyandikira pang'onopang'ono. Mai Casilda anadzipeza akuseka, ndipo ulendo uno sanachite nazo manyazi.

Atalowa m'mudzimo fumbi linatha, anayamba kuponda pamiyala yoyala. Mai Casilda anaima mwadzidzidzi.

Kuchidendene cha jombo ya kumanzere kunali kachitsulo kamene a Saturio anakhomera okha, poti mbali imeneyo inkatha msanga. Sabata yonse mai Casilda ankangozikhwekhwereza jombozo, kachitsuloko sikanalirepo. Tsopano, zitapondedwa ndi mwamuna woziyenera, kanayamba: phazi ili phee, ili ngwee, ili phee, ili ngwee. Ndi mmene kankamvekera masana alionse m'kanjira ka kwawo a Saturio akamachokera kumunda, iwo ali kukhitchini, n'kudziwa kuti nthawi yopakula yakwana.

Mai Amparo anawagwira mkono mwamphamvu. "Alamu," ananong'ona, "achimwene."

Chisoni ndi chimwemwe zinawafikira pamodzi mai Casilda, misozi n'kutsika osaipukuta. A Fulgencio, poona kuti m'mbuyo mwachita zii, anacheuka pakamwa pali kale yasa.

"Ndimati ndikuuzeni za tsiku lomwe ndinagwa mumtengo wa..."

"Chonde bambo, musalankhule," anatero mai Casilda. "Ingoyendani."

Bamboyo anawayang'ana kumaso, n'kutseka pakamwa, n'kutembenuka. Anayenda bwinobwino, osafulumira, pakati penipeni pa miyala. Msewu wa m'mudzi umenewo ndi wautali zedi, amwendamnjira onse amaudandaula, koma amayi awiriwo anautsata mpaka kumapeto atagwirana mikono, makutu ali tcheru.