Kadazi wa M'lichero la Lufina

Tisunge anatsika pa njinga yamoto miyendo itachita dzanzi, fumbi la msewu wa ku Tsangano litamudzola mpaka m'nsidze. Bambo ake, a Gracian, anali pakhonde akuothera dzuwa, atavala jekete lawo la ku Joni lomwe linatha kolala kalekale. Pamiyendo pawo panali bokosi lamatabwa lija. Maso awo anali atachita ng'ala, koma makutu analibe vuto.

"Mayendedwe amenewo ndi a Nangozo," anatero, kumutchula ndi mfunda. "Wabwera nayo nkhani?"

"Ndabwera, ababa. Mwaswera bwanji?"

"Kuswera ndaswera. Ine ndikufunsa za dzina la amako. Lalembedwa?"

Tisunge anagwada, nagwira dzanja lawo la zala zitatu, n'kuyamba kudandaula za kuipa kwa msewu. Anadandaula nthawi yaitali kuposa kutalika kwa msewuwo.

A Gracian anapita ku Joni ali mnyamata, monga ankachitira anzawo onse a kumapiri kuno. Mgodi utawadya zala ziwiri, anapeza ntchito yosesa m'nyumba ina yosungiramo zamoyo zakufa, momwe mzungu wina wokalamba ankathera tsiku lonse akuyang'ana tizilombo. Wosesayo anayamba kusuzumira, kenako kunyamula mabokosi, kenako kufunsa mafunso. Anzawo pobwerera kumudzi anabwera ndi njinga, mawailesi ndi masuti. Iwo anabwera ndi galasi lokuzira zinthu, bokosi lamatabwa, ndi matenda okonda kuvundukula masamba ouma. Anthu a m'mudzi ankangoti mgodi uja unawadyanso kena kake m'mutu.

Chomwe chinawatenga mtima sichinali nkhululu yeniyeni, ija ana amakumba kuti akazinge. Tinali tinkhululu ting'onoting'ono, tosaposa njere ya mpunga, tokutidwa ndi mamba osalala onga fumbi la pa mapiko a gulugufe. Tisunge anaphunzira kutizindikira asanadziwe kulemba dzina lake. Bambo ake ankamukhazika pamphasa, n'kumugwiritsa galasi lija.

"Yamba ndi chishango cha pamsana. N'chachitali bwanji? Ona chipumi, n'chotupa kapena ayi? Tsopano mwendo wakutsogolo, pali khutu pamenepo. Usaseke, khutu lake lili pamwendo. Kumbuyoko, timichira tiwiri ndi wamwamuna. Ukaona kamkondo pakati pa timichirato, ameneyo ndi mayi, amaikira nako mazira."

Akafulumira kuyankha, ankamugogoda pamutu ndi chala. "Kuona maso a nkhono n'kudekha, mwanawe."

M'bokosimo munali mitundu iwiri. Wina ankaugwira ndi kabotolo m'denga la nkhokwe, wotuwa ndi mamba thupi lonse, ndipo anautcha Kaphulusa. Winayo ankaupeza m'masamba ouma pansi pa mitengo ya masuku kuseri kwa munda wa kachewere. Umenewo unali wofiirira, wonyezimira, wopanda mamba pachishango ngakhale limodzi. Anautcha Kadazi. A Gracian ankalumbira kuti m'mabokosi onse a mzungu uja, mazanamazana, sanaonemo kankhululu kotere.

Mawu amenewo ndi amene anakankha Tisunge mpaka ku yunivesite, komwe tsopano ankaphunzitsa za tizilombo. Ndipo amayi ake, a Lufina, atamwalira zaka zitatu zapitazo, analonjeza bambo ake pobwera kumanda kuti adzalemba pepala lodziwitsa dziko za mtundu watsopanowu, n'kuutcha dzina la malemuwo. Kuchokera tsiku limenelo nkhalambayo inali ndi chodzukira m'mawa. Inauza a kutchalitchi, inauza ogula mbatata, inauzanso Apwitikizi a kutsidya kwa msewu wa m'malire amene sanafunse n'komwe.

Pepala analemba ndithu, linali m'chikwama chake. Koma sabata yathayo, pofuna kujambula chithunzi chomaliza, anaika Kadazi mmodzi, mwa amene bambo ake anamupatsako kale kuchokera m'bokosi lija, pa makina okuza kwambiri amene yunivesite inali itangolandira. Pachishango chosalala chija anaonapo timaenje tating'ono, tondandalika bwinobwino ngati mapando a chimanga. Anayesa wachiwiri, wachitatu, mpaka wachisanu ndi chiwiri. Onse anali ndi timaenje momwe munkamera mamba. Anayezanso chishango, chipumi, khutu, kamkondo. Zonse zinafanana ndi za Kaphulusa, amene dzina lake la sayansi linali kale m'mabuku kuyambira makedzana. Kadazi sanabadwe ndi dazi. Chinachake chinamumeta.

Akanatha kungotumiza pepalalo ndi zithunzi zakale, zomwe sizinkaonetsa timaenje. Mwina likanadutsa. Wina akanadzatulukira cholakwacho patapita zaka khumi, bambo ake atagona kale pambali pa mkazi wawo ndi mtima wokhutira. Maganizo amenewa anamuchititsa manyazi, komabe sanamuchoke. Anakwera nawo basi, natsika nawo pa mphambano, ndipo tsopano anali atakhala nawo pakhonde.

"Mawa m'mawa ndikufuna tipite kumasuku," anatero pomaliza. "Ndikufuna wamoyo."

"Wamoyo wachiyani? M'bokosi muli makumi anayi."

"Malamulo ake amatero, ababa."

Limeneli linali bodza lake loyamba.

Kunacha ndi chisanu cha mwezi wa Juni, chija chimaumitsa zala n'kusiya udzu uli mbuu. Nthawi yabwino inali yomweyo, chifukwa tinkhululuto tikazizidwa sitidumpha. A Gracian anakana kunyamuka opanda lichero. Linali pamwamba m'khitchini, litada ndi mwaye, mkombero wake womangidwa ndi waya malo awiri. Chimwalirireni a Lufina palibe analikhudza.

Tisunge atalitsitsa, fungo la utsi ndi gaga linamubwezera zaka makumi atatu m'mbuyo. Anaona amayi ake atamanga chitenje pamwamba pa juzi, akutsogola m'kanjira komweka, akulalata njira yonse. Mwamuna wachingoni sapeta, ndiye ntchito yopeta masamba inali yawo. Ankawola masamba ndi dothi lake lomwe, n'kupeta monga apetera mphale: kuponya m'mwamba, kuwakha, kusefa uku ndi uku, mpaka zinyalala zitauluka n'kutsala mchenga ndi tizilombo tozizidwa.

"Akazi anzanga akupeta chimanga, ine ndikupeta zinyalala," ankatero. "Anthu akandiona adzati kwa a Ngozo njala yafika pamutu."

Koma sanaphonyepo ulendo ndi umodzi womwe. Ndipo akapeza Kadazi, ndi iwo ankayamba kukuwa.

Anayenda pang'onopang'ono, bambo atagwira phewa la mwana wawo. Mitengo ya masuku inali itachepa, yambiri inapita ndi makala, koma isanu ya m'malire mwa munda wawo inalipo chifukwa a Gracian ankaiteteza ngati ng'ombe. Tisunge anawakhazika pamwala, iye n'kugwada. Sanagwire lichero. Anayamba kuvundukula masamba limodzilimodzi ndi kamtengo, kabotolo kali m'dzanja. Mawondo ananyowa ndi mame, zala zinauma, koma dzuwa lisanafike pamwamba pa mitengo anali atagwira tisanu ndi kamodzi. Anatiyang'ana ndi galasi la bambo ake. Tonse tinali totuwa, mamba ali thothotho mpaka pachishango.

"Sindikumva kupeta," anatero a Gracian. "Sukulu inakuiwalitsa?"

"Ndikupeta tsopano."

Anawola masamba ndi dothi, naika m'lichero, n'kukhuthuliramo titatu mwa tinkhululu tija. Manja ake anali ozolowera choko, koma anakumbukira. Anaponya, nawakha, nasefa. Mchenga unalira palichero, ndipo nkhalamba ija inatukula mutu ngati yamva nyimbo ya kwawo.

"Ayi, amako sankanyengerera chotero. Limbikira!"

Analimbikira mpaka mapewa anawawa. Ataleka, titatu tija tinali m'mphepete mwa lichero, tamoyo ndithu, koma pachishango pali zigambazigamba zofiirira. Pansi pa lichero, pomwe panagwa dzuwa, panali kafumbi konyezimira.

Apa ndi pomwe akanatha kunena kuti wamupeza, n'kubwerera kunyumba kukamwa tiyi. Anayang'ana bambo ake, atakhala pamwala ndi jekete lawo lakale, nkhope ikudikira. Munthu ameneyu ndi amene anamuphunzitsa kuti usanene chimene sunaone. Anazindikira kuti akawanamiza, awalanda chinthu chokhacho chimene anabwera nacho ku Joni.

"Ababa, bweretsani dzanja."

Anatenga chala chawo, nachipukutitsa pansi pa lichero, kenako anachikhudzitsa ku chala chachikulu. A Gracian anafikisa zala ziwirizo. Anafikisanso. Kuterera kumeneko ankakudziwa bwino.

"Awa ndi mamba."

"Eya. Ndinaika a Kaphulusa atatu m'licheromu. Atuluka ali ndi dazi." Anasiya chala chawo, napitiriza. "A m'bokosi amene munandipatsako aja ndinawaona pa makina atsopano. Onse ali ndi timaenje ta mamba. Chishango n'chimodzi, chipumi n'chimodzi, khutu n'limodzi. Kadazi kulibe, ababa. Ndi Kaphulusa wopetedwa. Dzina la amayi silingalembedwe."

Kumunsi kwa phiri galimoto yonyamula kachewere inkalimbana ndi chitunda, ndipo anaimvetsera mpaka inapitirira. A Gracian anangopitiriza kufikisa zala zija. Tisunge analakalaka akanamukalipira.

"Zaka makumi atatu," anatero potsiriza. "Mzungu uja anandiuza tsiku loyamba lenileni kuti tizilomboti sitigwiridwa ndi manja, mamba amachoka. Ine ndinasamala manja angawa. Sindinaganizeko za lichero." Anapukusa mutu. "A m'nkhokwe ndinkagwira ndi botolo, a kuno ndi lichero. Mwana wa sitandade wani akanaona."

"Inenso sindinaone, ndi madigiri anga onse."

"Ndauza tchalitchi chonse."

"Ndikudziwa. Pepani, ababa."

"Usapepese. Madzi akatayika saoleka." Anapukuta m'maso ndi mkono wa jekete, osabisa kuti akulira. Kenako anafunsa, "Wati akowa atuluka bwanji? Dazi lonse?"

Tisunge anayang'ananso ndi galasi. "Ayi. Zigamba chabe. Mamba ena atsalira m'mbali."

"A m'bokosi?"

"Amenewo ndi osalala ngati dzira. Palibe ndi limodzi lomwe."

Mapewa a nkhalamba anayamba kugwedezeka, ndipo Tisunge anachita mantha, mpaka anazindikira kuti akuseka. Ankaseka misozi ikutsika m'makwinya.

"Lufina! Mkazi uja ankapeta ngati walusa. Mphale yake sumapezamo gaga ngakhale umusake ndi nyali. Ndiye tizilombo tosalakwa ankatimeta mpala, ine n'kumati ndatulukira mtundu watsopano!" Anatsokomola, napuma. "Ukudziwa chimene ananena nditamuuza kuti tsiku lina kachilomboka kadzatchedwa dzina lake? Anati, 'Pa zinthu zonse za Mulungu, maluwa alipo, mbalame zilipo, inu mwandisankhira chadazi?'"

Tisunge anaseka nawo. Anawasowa amayi ake kuposa tsiku la maliro.

Anamasulira tinkhululu tonse m'masamba, nabwerera. Pofika pakhonde dzuwa linali litafunda. A Gracian anapempha bokosi lawo, nalitsekula, fungo la mankhwala a njenjete n'kutuluka. Tinkhululu makumi anayi tinali m'mizere, kalikonse komatidwa pa kakhadi kake, pansi pake kapepala kolembedwa ndi dzanja la zala zitatu.

"Bokosili ukapita nalo kuyunivesite, adzalisunga?"

"Adzalisunga. Ngakhale dzina lisakhale latsopano, palibe wina anasonkhanitsapo tizilomboti kuno."

"Ndi timapepala tomwe?"

"Kapepala sikachotsedwa. Kamakhala ndi kachilomboko mpaka kalekale."

"Tandiwerengera kamodzi."

Tisunge anawerama. "Tsangano, pansi pa masuku, Juni 1994. Wogwira: G. Ngozo."

"Bodza limenelo," anatero a Gracian. "G. Ngozo ankangokhala pamwala n'kumalamula. Wagwirapo chiyani kumasuku? A m'nkhokwe okhawo ndi anga." Anapapasa m'thumba la jekete, natulutsa cholembera chomwe sanachigwiritse ntchito chichitireni ng'ala. "Malamulo ako amalola kukonza?"

"Amalola kuwonjezera kapepala kena pansi pake."

"Ndiye wonjezera. Ulembe bwino, zilembo zooneka, osati zadokotala zakozo."

Tisunge anadula timapepala ndi lumo, nayamba. Wogwira: Lufina Ngozo, ndi lichero. Bambo ake ankawerenga ndi khutu, kumvetsera cholembera chikukanda, ndipo akamaliza kamodzi ankati, "Kena." Anali makumi awiri ndi atatu a Kadazi. Atafika pa womaliza, a Gracian anayendetsa chala m'mphepete mwa bokosi, osakhudza kanthu m'katimo.

"Ndiye kuti mtunduwu sudzapezekanso," anatero.

"Sudzapezekanso, ababa."

"Eya. Wopeta wake anapita."

Anatseka bokosilo, nalipereka kwa mwana wawo ndi manja awiri. Lichero analisiya pamiyendo pawo, ndipo Tisunge atafuna kukalibwezera kukhitchini, anati alisiye kaye pomwepo, liothereko dzuwa.