Mikono ya Chikuku

Mwendo wachitatu wa tebulo lachitsulo lija unagwa pansi Lachinayi masana, ndipo Amisiri anazimitsa makina odulira n'kupukuta thukuta. Wowayamikira panalibe. Kale m'shedi ya kuseri kwa nyumba yawo simunkasowa munthu: wina ndi wilibala yothyoka, wina ndi felemu ya zenera, ena ongobwera kudzataya nthawi. Chigwereni padenga la eni ake n'kufa miyendo yonse iwiri, anthu anabwera kudzawazonda mwezi woyamba wokha, kenako zii. Ngakhale mayi woyandikana nawo nyumba, amene anamuwotcherera mipando zaka khumi, dzana lake anadutsa mumsewu atasenza mpando wothyoka, maso ali kumbali, ulendo wa kwa mmisiri wina. Zinawapweteka, osanama.

Ntchito yodula tebuloyi inayamba ndi foni ya mwana wawo wamkazi, mmodzi yekhayo amene anali naye.

"Bambo, Loweruka ndikubwera ndi lole. Chipinda chanu ndakonza kale. Zitsulozo tipatsa ozifuna."

"Wozifuna ndine."

"Muzigwira bwanji? Tebulo lanulo mukakhala pachikuku likukufikani m'chibwano."

"Nanga ukalipeza likundifika pamimba, loleyo ibwerera yopanda kanthu?"

Mwanayo anaseka, kuseka kwa munthu wotopa. "Ndikakupezani mukuwotcherera patebulopo bwinobwino, ibwerera. Koma musadzipweteke, bambo."

Tebulolo analipanga okha ali mnyamata, ndipo ankadzitama kuti amuna anayi sangalinyamule. Tsopano kudzitama kuja kunawatembenukira. Anakoka jeke yakale ya galimoto, n'kumakweza ngodya imodzi, kusanja njerwa pansi pake, kudula mwendo, kupuma. Mwendo umodzi tsiku limodzi. Njerwa iliyonse ankaitenga pabwalo n'kuiika pamiyendo yawo yosamvayo, ulendo umodzi njerwa imodzi. Masana ankadya ali momwemo, akulankhula ndi zitsulo ngati anthu.

Muyeso sanaukayike. Mmisiri aliyense amadziwa kuti kamwa ya vayisi, chopanira zitsulo chija, iyenera kulingana ndi chigongono cha mwini wake, apo ayi tupa siluma ndipo phewa limatha. Anakhala pachikuku, anayeza kuchokera pansi mpaka pachigongono, anachotsapo kutalika kwa vayisi, n'kulemba ndi choko pamiyendo yonse inayi. Anayeza katatu.

Lachisanu anadula mwendo womaliza, n'kuchotsa njerwa imodzi imodzi mpaka tebulo linakhala pansi, osagwedera ngakhale pang'ono. Anamwetulira okha. Anakankha mateyala kuti alowetse mawondo pansi pa tebulo.

Gu!

Mikono ya chikuku, motsamira zigongono muja, inagunda m'mphepete mwa tebulo. Anabwerera m'mbuyo, anayesanso chopendekera, koma ayi ndithu. Vayisi inali uko, iwo ali kuno, pakati pali mpata woti akaweramira kutsogolo msana unkachita ngati ukuthyoka. Zaka makumi atatu akuyeza ataimirira, ndipo munthu woimirira alibe zitsulo zotsogola m'mbali mwake. Anayeza thupi lawo, anaiwala mpando.

"Chitsiru iwe," anadzitukwana chapansipansi.

Kukweza tebulo ndi njerwa kukanatheka, koma ndiye vayisi ikanabwereranso m'phewa, ntchito yonse ya sabata n'kukhala yachabe. Anakhala nthawi yaitali akuyang'ana mikono ija. Chikukucho chinali chatsopano. Mwana wawo anachisakasaka masabata awiri, n'kubwera nacho kuchipatala yekha atachinyamula, akulira ndi kuseka nthawi imodzi. Pansi pa mikonoyo pulasitiki ya kusitolo inali isanachoke n'komwe.

Makina sanawayatse. Anatenga sowo yamanja, n'kuyamba kucheka pang'onopang'ono, theka la mkono wa kumanja, kenako theka la wa kumanzere. Anasalaza modulamo ndi tupa kuti pasacheke munthu. Atakankhanso mateyala, mimba yawo inakhudza tebulo, ndipo vayisi inali pachigongono ndendende.

Loweruka m'mawa lole inaima panja. Mwana wawo atalowa m'shedi anapeza bambo ake atavala chigoba kumaso, moto ukuthetheka. Anadikira mpaka iwo anamaliza mzere umene amawotcherera. Kenako maso ake anatsikira pachikuku.

"Mwachitani chikukuchi, bambo?"

"Ndachimeta pang'ono. Chinali ndi makani."

Mwanayo sanaseke. "Adokotala anati mikonoyi ndi yokutchinjirizani kuti musagwere chammbali. Munalipo, munamva."

"Ndasiyako theka."

"Mukagwa muno, akudzutsani ndani?"

Amisiri anavula chigoba chija n'kuchiika patebulo. "Ndidzadzikoka ndi tebuloli. Ndi lolimba."

Mwanayo anatola zidutswa ziwiri za mikono zimene zinali pakona, anazipukuta ndi chikhatho, n'kuziika m'chikwama chake. Anayandikira vayisi, nayang'ana chimene bambo ake amawotcherera. Zinali zitsulo ziwiri zadzimbiri zolumikizidwa mopingasa. Mzere wake unali wosalala ngati kale, koma chinthucho sichinali mpando, sichinali felemu, sichinali chilichonse.

"Ichi ndi cha ndani?"

"Mwini wake abwera."

Anawayang'ana, iwo n'kuyang'ana kumbali. Mwanayo anavula nsapato, anakwera pandowa, n'kuyamba kutsitsa matupa, mahamala ndi masipanala amene anali pamisomali ya m'mwamba. Anakhoma misomali ina m'munsi.

"Apa mufikapo?"

"Tsitsa pang'ono. Eya, pomwepo."

Anagwira ntchitoyo mpaka dalaivala wa lole analiza hutala kachiwiri. Amisiri ankafuna kunena kuti auze dalaivalayo azipita, iye agone kuno lero lokha, koma munthu amene wangopambana mlandu sapempha zotero. Mawuwo anawameza.

"Mawu anga sindibweza, bambo. Mukhala. Koma foni izikhala m'thumba la malaya, osati patebulo."

"Ndamva, mayi."

Anamuperekeza mpaka pakhomo la shedi, pomwe simenti imathera. Mwanayo atafika kumsewu anakoka geti kuti atseke monga mwa nthawi zonse.

"Lisiye choncho," anakuwa Amisiri. "Tsegula mbali zonse ziwiri, uikepo mwala. Odutsa aziona kuti muno muli munthu."

Anatsegula, anaikapo mwala, anakwera lole yopanda kanthu ija. Amisiri anabwerera patebulo, anamasula zitsulo zadzimbiri zija n'kuziponya pakona. Anatembenuza chikuku kuti chiyang'ane kumsewu, n'kukhala pomwepo kudikira.